Kulimbitsa thupi kumalimbitsanso mtima

 Sabata ino tikambirane za chinthu chimene sichigulitsidwa mu loja iliyonse, chonsecho aliyense amachifuna. Chinthucho ndi kudzidalira.

Mukakhala pamsonkhano wa m'mudzi muzionetsetsa. Anyakwawa akafunsa kuti, "Kodi alipo wina ali ndi mawu?" mitu yambiri imagwa pansi, ena ayamba kutolatola timiyala, ena kukanda pamwendo posayabwa. Koma msonkhano ukatha, panjira yobwerera kunyumba, aliyense amakhala ndi mfundo zanzeru zimene akanatha kunena. Mtsikana amadziwa yankho m'kalasi koma dzanja limamulemera ngati mtondo. Mlimi afika ndi mbatata zake pamsika atawerengera bwino mtengo usiku wonse, koma wogula wochokera ku Tete akangomuyang'ana ndi diso limodzi natchula mtengo wachipongwe, iye avomera msanga ngati wakhululukidwa mlandu. Agogo amene kale ankakwera phiri la Dómuè tsopano aopa ngakhale kutsika pakhonde popanda wowagwira dzanja. Anthu onsewa vuto lawo ndi limodzi. Mumtima mwawo muli kamawu kamene kamati, "Iwe sungathe."

Ambiri timati kulimba mtima munthu amabadwa nako, monga mmene wina amabadwira wamanzere. Ena amakakufuna m'botolo la kachasu, ndipo kumabweradi, koma kumachoka tambala asanalire n'kusiya mutu wowawa ndi ngongole. Ine ndikuti ilipo njira ina yotsika mtengo kuposa botolo, ndiyo kulimbitsa thupi mwadongosolo sabata ndi sabata, uku ukuwerenga zimene wachita. Gwirani mawu akuti ukuwerenga, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Ndikudziwa kuti ena mwaseka kale. "Achimwene, mwakhuta eti? Mukutiuza ife za kulimbitsa thupi, ife amene timafika kumunda nthanda isanalowe?" Mwanena zoona ndithu. Mayi amene wasenza chigubu cha malita 20 wasenza makilogalamu 20, pakuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo amatero mwana ali kumsana, chitunda chili patsogolo. Mnyamata amene amakankha njinga ya matumba awiri a chimanga kupita nayo ku Ulónguè sangapikisane naye bwana wa ku Maputo amene amalipira ndalama ku ginásio. Mphamvu tili nazo, palibe wokana.

Koma ntchito ndi kuphunzitsa thupi nzosiyana. Ntchito imakuuza yokha nthawi yowerukira, mzere ukatha kapena dzuwa likapendeka, thupi lifune lisafune. Imadya mbali imodzimodzi ya thupi, msana wowerama pakhasu kuyambira m'mawa mpaka masana, pamene mbali zina zili mtulo. Siipatsa minofu tsiku lopuma, chikhalirecho minofu imamangika popuma, osati pakati pa ntchito. Imabweranso ndi nyengo. Dzinja lonse timafa nayo, ndiye tikakolola amuna ambiri timakhala pabawo ndi pamowa mpaka mvula idzagundenso, ngakhale kuti amayi athu tchuthi chimenechi sachidziwa. Ndipo chachikulu nchakuti ntchito siikuuza kuti lero waposa dzulo. Chigubu cha chaka chatha ndi chomwecho chaka chino. Munthu amasenza zaka 30 osadziwa kuti ndi wamphamvu. Chimene amadziwa nchakuti watopa basi.

Agiriki akale anali ndi nthano ya munthu wina dzina lake Milo, wa mumzinda wa Croton, kum'mwera kwa dziko limene lero ndi Italy. Munthuyu analikodi. Anali katswiri wa masewera ogwetsana ndipo anapambana kasanu ndi kamodzi pa mipikisano yakale ya Olimpiki, zaka zoposa 2,500 zapitazo. Nthanoyo imati iye ananyamula mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene paphewa, mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi, mpaka thole lija linasanduka nkhunzi iye akulinyamulabe. Inu a ku Angónia amene munakulira kubusa mwaona kale kuti wofotokoza nkhaniyi anathira mchere wambiri, chifukwa ng'ombe imakula msanga kuposa mmene munthu angalimbire, komanso nkhunzi siivomera kunyamulidwa ngati mbuzi. Komabe m'kati mwa bodza lokomali muli choonadi chimene aphunzitsi a masewera amatsata mpaka lero. Thupi limalimba ukalipatsa katundu woposa pang'ono amene lazolowera, n'kulipatsa mpata wopuma, kenaka n'kuonjezeranso pang'ono. Ukaonjezera kwambiri livulala, ukapanda kuonjezera liima pomwepo.

Chosangalatsa nchakuti woyamba kumene sadikira nthawi yaitali. M'masabata oyambirira minofu imakhala isanayambe kukula kwenikweni, koma mitsempha imene imanyamula uthenga kuchokera ku ubongo imaphunzira kudzutsa minofu yambiri nthawi imodzi, monga kapitawo amene waphunzira kuitana anthu onse kuti akoke chingwe pamodzi. Nchifukwa chake munthu amene sabata yoyamba amalephera pachisanu, sabata yachitatu amapezeka wafika pakhumi, mkono ukuoneka womwe uja. Kukula kwa minofu kumadza pambuyo, patapita miyezi ingapo.

Tsono zonsezi zikukhudzana bwanji ndi mutu wogwa pansi pamsonkhano uja? Katswiri wina wa za maganizo a anthu, Albert Bandura, wobadwira ku Canada amene ankaphunzitsa pa yunivesite ya Stanford ku America, anafufuza funso lomweli nalemba zimene anapeza m'chaka cha 1977. Iye ankagwira ntchito ndi anthu oopa njoka mopitirira muyeso, oti mantha awo ankawaletsa ngakhale kusamala kadimba ka kuseri kwa nyumba. Sanataye nthawi kuwanyengerera ndi mawu. Ankawatenga pang'onopang'ono. Ayambe ayang'ana njoka ili m'bokosi iwo ali patali, kenaka asendere, akhudze bokosilo, aigwire atavala magolovesi, mpaka ena anafika poilola kuyenda pamiyendo pawo. Njoka yake inali yopanda ululu, ndapota nanu musakayese zimenezi pa mphiri ya kumunda kwanu. Bandura anaona kuti chikhulupiriro chakuti "ndingathe" chili ndi akasupe angapo. Kumathandiza kuona munthu wofanana nawe akuchita chinthucho. Kumathandizanso, koma pang'ono, kumva wina akukulimbikitsa. Koma kasupe wamkulu kuposa onse ndi kukumbukira kuti iwe mwini unachita chinthu chimene poyamba unkachilephera. Ndipo ena mwa anthu aja anabwera kudzanena kuti ayamba kulimba mtima pa zinthu zinanso zosakhudza njoka, monga kuyankhula pagulu.

Apa mpamene kulimbitsa thupi kumaposa zambiri zimene timachita. Zokolola zimadalira mvula, mtengo wa feteleza ndi mtima wa wogula. Mayeso amadalira ngati aphunzitsi anabwera ndi ngati buku linalipo. Ntchito ya mtauni nthawi zambiri imadalira amene ukumudziwa. Munthu amatha kulimbikira pa zonsezi n'kulephera popanda cholakwa chake, ndipo kamawu kaja kamangonenepa. Koma kuti udzuka kangati utanyamula chigubu, zimenezo sizidalira boma, mvula kapena amalume. Sabata yatha unadzuka kasanu ndi kamodzi, lero kasanu ndi kanayi. Amayi ako akakuuza kuti ndiwe wamphamvu ukhoza kukayika, pakuti amakukonda. Chigubu sichikukonda, ndiye chikakuvomera ndiye kuti nzoona.

Ife a ku Moçambique sitisowa kupita kwa Agiriki kukafuna chitsanzo, tili naye Maria de Lurdes Mutola. Anabadwa m'chaka cha 1972 ku Chamanculo, dera la anthu wamba mumzinda wa Maputo. Ali mwana ankasewera mpira ndi anyamata chifukwa matimu a atsikana kunalibe. Mlakatuli wathu wamkulu, José Craveirinha, ndiye anaona liwiro lake namulangiza kuti ayese mpikisano wothamanga, ndipo mwana wa mlakatuliyo, Stélio, anakhala mphunzitsi wake woyamba. Pali kanthu kamene ambiri sakadziwa. Masiku oyambirira Lurdes anaona kuti maphunzirowo ngowawa ndipo anafuna kusiya, anachita kumunyengerera kuti abwerere. Sanabadwe akudziwa kuti adzakhala ndani.

M'chaka cha 1988, nkhondo ili pakati, makolo athu ambiri kuno ali othawa kwawo ku Dedza ndi ku Ntcheu, mtsikanayu wa zaka 15 anapita ku masewera a Olimpiki ku Seoul. Anathamanga mamita 800, ndiko kuzungulira bwalo la mpikisano kawiri, kwa mphindi 2 ndi masekondi 4, ndipo anatuluka mu ndime yoyamba yomwe atakhala wachisanu ndi chiwiri. M'chaka cha 1991 anatumizidwa kukaphunzira ku Springfield, m'chigawo cha Oregon ku America, asakudziwa Chingerezi, pasukulu imene inasankhidwa chifukwa panali munthu wodziwa Chipwitikizi. Kumeneko anakumana ndi mphunzitsi wamkazi, Margo Jennings. Ku Barcelona m'chaka cha 1992 anakhala wachisanu. Ku Atlanta m'chaka cha 1996 anakhala wachitatu, mendulo yoyamba ya Olimpiki ya dziko lathu. Ku Sydney m'chaka cha 2000, pa 25 de Setembro penipeni, tsiku limene kuno linali kale la tchuthi, anapambana golide atathamanga mphindi imodzi ndi masekondi 56.

Tawerengani bwino. Kuchokera ku Seoul kufika ku Sydney ndi zaka 12, ndipo kusiyana kwa nthawi ziwirizo ndi masekondi 8 okha, nthawi yochepa kuposa imene mumatenga pomanga chingwe cha nsapato. Zaka 12 za kudzuka m'mamawa, kuthamanga, kunyamula zitsulo, kulemba nthawi, kupuma ndi kubwereranso, zonsezo chifukwa cha masekondi 8.

Koma kwa ine chaka chimene chimaonetsa bwino mtima wa mayiyu ndi 1995. Anapita ku mpikisano wa dziko lonse ku Göteborg ali mwini mpando, atapambana kale ku Stuttgart m'chaka cha 1993, ndipo aliyense ankati golide ndi wake. Mu ndime yotsala pang'ono kumaliza oweruza anamuchotsa chifukwa anaponda kunja kwa mzere wa njira yake. Phazi limodzi lokha, chaka chonse chinapita. Munthu amene kulimba mtima kwake kwagona pa kuombera m'manja kwa anthu akanafota pomwepo. Iye mwezi womwewo usanathe anapita ku Brussels nathyola mbiri ya dziko lonse pa mamita 1,000, nakhala mkazi woyamba kuthamanga mtundawo kwa nthawi yosakwana mphindi ziwiri ndi theka. Oweruza anamulanda mendulo, koma sakanatha kumulanda zimene miyendo yake inkadziwa. Anasiya mpikisano m'chaka cha 2008 atapita ku Olimpiki kasanu ndi kamodzi, ndipo anabwerera ku mpira uja wa paubwana, mpaka kusewera mu timu ya amayi ya dziko lathu m'chaka cha 2011.

Tsopano ndili ndi mawu kwa inu makolo ndi anamkungwi, ndipo mundikhululukire poti ndine mwana. Mtsikana wa zaka 10 m'midzi mwathu muno amathamanga, amadumpha jingo, amazinda mpira pa fulaye ngati mphaka, ndipo amaseka mokweza. Akangotha msinkhu timamuuza kuti wakula, asathamange, asadumphe, ayende moyang'ana pansi. Pakapita zaka zitatu tidabwa kuti mwana uja ankayankhula ngati wailesi tsopano mawu ake sitiwamva. Ulemu ndi wabwino ndipo palibe akuti tiutaye. Koma timanenanso zinthu zopanda umboni, zakuti mtsikana wothamanga kapena wokwera njinga sadzabala, zakuti wonyamula zolemera adzasanduka mwamuna. Nanga chigubu cha malita 20 chija bwanji sichinamusandutse mwamuna? Thupi la mkazi silimanga minofu ikuluikulu ngati la mwamuna chifukwa mphamvu ya m'magazi imene imakulitsa minofu mwa amuna, mwa akazi ndi yochepa kwambiri. Choonadi chokha chimene chili pafupi ndi mantha amenewa nchakuti mtsikana amene akuthamanga mopitirira muyeso koma akudya mosakwanira akhoza kusiya kusamba kwa kanthawi. Mankhwala ake ndi chakudya ndi kupuma, osati kumutsekera m'nyumba.

Chiyambire chaka cha 2019 dziko lathu lili ndi lamulo loletsa kukwatiwitsa mwana wosakwana zaka 18. Kuteteza mwanayo ndi udindo wathu akulu, ndipo mpira sungagwire ntchito imene ife tailephera. Komabe tsiku limafika pamene mtsikana ali yekha panjira ya kuchigayo, wina wamuimitsa ndi mawu okoma ndi kandalama m'manja, ndipo "ayi" ayenera kutuluka pakamwa pake. Ine ndikhulupirira kuti "ayi" ameneyu amatuluka mosavuta mwa mwana amene amadziwa thupi lake ngati chinthu chimene chimathamanga, chimagoletsa ndi kupambana, kusiyana ndi amene anangophunzitsidwa kuti thupi lake ndi chinthu chobisa.

Anyamata nkhani yanu ndi ina. Ambiri mwayamba kale, ndipo m'misika ya m'malire muno simusowa kuseri kwa nyumba kumene kuli chitsulo chokhala ndi zitini ziwiri za simenti uku ndi uku. Nzabwino. Koma ena mumanyamula kuti anzanu akuoneni, tsiku limodzi katundu wa njovu, kenaka sabata zitatu msana uli pamphasa. Ena mumamva za majakisoni ndi mapiritsi otupitsa minofu. Amatupitsadi, koma amawononga chiwindi ndi mtima, ndipo amafooketsa mphamvu yobereka ya mwamuna, ndiye taganizani ngati mkono waukulu ndi woyenera mtengo umenewo. Ndiponso tisasokoneze kudzidalira ndi ukali. Mwamuna amene amaonetsa mphamvu zake pa mkazi wake kapena pa ana sakudzidalira ayi, ndi wamantha amene wasankha mdani woti sangabwezere, ndipo lamulo la 2009 loletsa nkhanza za m'banja limamudziwa dzina. Mwa amene ndimawaona, anyamata amene amaphunzitsa thupi mokhulupirika ndi amene sachedwa kuchoka pamalo ndewu ikayamba, chifukwa alibe choti atsimikizire munthu.

Nanga munthu ayambe bwanji, poti ginásio kuno kulibe? Bungwe la za umoyo padziko lonse, limene timalidziwa kuti OMS, linalangiza m'chaka cha 2020 kuti munthu wamkulu azichita zotakasa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndiponso zolimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo. Mphindi zoyambazo ambiri a ife timazikwanitsa tisanafike Lachitatu, ndi kuyenda ndi kupalasa njinga komwe. Chimene chimatisowa ndi masiku awiri enawo, ndipo zipangizo zake zili kale pakhomo.

Chigubu cha malita 5 chodzaza madzi ndi makilogalamu 5. Mukathiramo mchenga chilemera kuposa pamenepo. Ubwino wa chigubu ngwakuti chimakula pang'onopang'ono ngati thole la Milo, koma mwini ndinu, mumaonjezera kapu imodzi kapena ziwiri pamene mwafuna. Chikumbatireni pachifuwa, munyonyomale msana uli wowongoka, zidendene zili pansi, ndiye mudzuke. Kwa manja ndi chifuwa, gonani chafufumimba n'kudzikankha kuchoka pansi, zija aphunzitsi a Educação Física amati flexão, ndipo ngati pansi pakukanika yambani mwatsamira khoma kapena mwagwada. Kwa msana, nthambi yolimba ya mango ikwanira, kulendewera kaye, kudzikoka kudzabwera pambuyo. Muyese kaye nthambiyo, chifukwa ya papaya ndi ya mango sizifanana. Chilichonse mwa izi muchite ka 8 mpaka ka 12, mupume pang'ono, mubwereze kawiri kapena katatu. Zonse pamodzi sizifika theka la ola. Musachite masiku otsatizana, pakati pakhale tsiku lopuma, ndipo mukaona kuti 12 wayamba kupepuka muonjezere madzi.

Ndiye mulembe. Ngati muli ndi kope lotsala la mwana wasukulu, lembani tsiku ndi nambala. Ngati kulemba kumakuvutani, khala la pamoto ndi khoma la kuseri kwa nkhokwe zikwanira, mzere umodzi pa kudzuka kulikonse. Ambiri amadumpha mbali imeneyi poyesa kuti ndi yachibwana, chonsecho ndiyo imadyetsa mtima. Mutu umaiwala msanga pamene unayambira, ndipo tsiku limene mwadzuka wofooka udzakuuzani kuti palibe chimene chasintha. Khoma lidzakutsutsani. Ndi bwinonso kukhala awiri kapena atatu a msinkhu umodzi, chifukwa kuona mnzako wa mudzi womwewo, wodya nsima yomweyo, akufika pakhumi, kumakuuza kuti pakhumi ndi pofikika. Ndiponso m'mwezi wa chisanu kuno kumapiri, bulangeti limakhala ndi mfundo zamphamvu kwambiri, ndipo amene angalitsutse ndi mnzako wogogoda pachitseko.

Nthawi yabwino yoyambira ndi tikatha kukolola, ntchito itachepa ndipo chakudya chilipo. M'miyezi ya njala, pamene m'nyumba mukudyedwa kamodzi ndipo kumunda kuli kupalira, musadzikakamize, thupi silimanga nyumba popanda njerwa. Njerwa zake si za kusitolo ayi, ndi nyemba, soya, mtedza, mazira, matemba ndi mkaka, zimene zambiri timalima tokha n'kugulitsa zonse osasiyako. Kuwawa kwa minofu tsiku lotsatira kapena mkuja nkwachibadwa ndipo kumatha kokha. Koma ululu wobaya m'bondo kapena mumsana, kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika, zimenezo zikutanthauza kuti lekani ndipo mukaonane ndi a chipatala. Amene muli ndi matenda othamanga magazi, a shuga kapena a mtima, amayi oyembekezera, ndi amene muli ndi chotupa pamchombo kapena m'mphechepeche, yambani mwafunsa kuchipatala musananyamule kanthu. Ndipo aliyense asamagwire mpweya ponyamula, tulutsani mpweya pamene mukudzuka. Anthu ambiri amene amachita zotere amagonanso bwino ndipo maganizo amawapepukira, koma amene chisoni chamukhalitsa masabata ambiri, osadya, osagona, osafuna kuona anthu, chigubu chokha sichimukwanira, aperekezedwe kuchipatala.

Ndasungira kumapeto anthu amene ndikuganiza kuti timawalakwira kwambiri, ndipo timawalakwira chifukwa cha chikondi. Agogo akafuna kudzuka kukatenga madzi akumwa timathamanga, "Khalani pansi agogo, tikutengerani." Akafuna kupita kumaliro kumudzi wapafupi timati ndi kutali. Mawa ndi mkuja chimodzimodzi. Minofu ya munthu imachepa yokha akamakalamba, ndipo imachepa msanga ikakhala yosagwiritsidwa ntchito. Agogo akapunthwa kamodzi amayamba kuopa, akaopa amakhala pansi, akakhala pansi miyendo imafooka, ndipo miyendo yofookayo ndi imene imadzawagwetsa zenizeni. Munthu amene ankaweruza milandu pabwalo amafika popempha chilolezo kwa mdzukulu kuti apite kuseri. Pamenepo chimene chatha si miyendo yokha.

M'chaka cha 1990 dokotala wina wa ku Boston ku America, Maria Fiatarone, anachita chinthu chimene ambiri ankachiona ngati misala. Anatenga okalamba 10 a m'nyumba yosungira nkhalamba, a zaka zoyambira 86 mpaka 96, ofooka ndiponso odwaladwala, nayamba kuwanyamulitsa zolemera ndi miyendo katatu pa sabata. Patatha masabata 8, mwa anthu 9 amene anamaliza, mphamvu za miyendo zinali zitakwera ndi 174 pa 100 aliyense, kutanthauza kuti pafupifupi katatu kuyerekeza ndi poyamba. Awiri anasiya kuyendera ndodo. Anthu a zaka 90, m'miyezi iwiri yokha. Nchifukwa chake a OMS amalangiza kuti opitirira zaka 65 azichita zolimbitsa miyendo ndi zophunzitsa thupi kusadzandira masiku atatu pa sabata, kuposa masiku awiri a ife achinyamata.

Makolo athu anali nazo njira zawo ngakhale sankazitcha dzina. Taonani mkulu wa Chingoni akuvina ngoma, mwendo umodzi m'mwamba, thupi lonse litaima pa unzakewo, chishango m'manja, kenaka phazi pansi kuti di. Dokotala wa ku Boston uja akanaona akanalemba m'kope. Chimodzimodzi amayi achikulire pa chintali. Ndiye agogo akafuna kulowa m'bwalo musawakoke malaya poopa manyazi kapena ngozi, apatseni malo.

Kwa amene bwalo lawatalikira, mpando wokha ukwanira. Akhale pampando wolimba wofika m'mawondo, mapazi onse pansi, manja atapingasa pachifuwa, ndiye adzuke n'kukhalanso mosadzigwetsa. Ngati popanda manja zikukanika, ayambe akudzithandiza ndi manja, palibe cholakwika. Madokotala amagwiritsa ntchito njira yomweyi poyesa mphamvu za okalamba, amawerenga kuti munthu wadzuka kangati m'masekondi 30. Kunyumba wotchi siifunika, ayambe ndi kasanu m'mawa, tsiku lina apume, ndipo nambala ilembedwe pakhoma ngati ya wina aliyense. Mpandowo utsamire kukhoma kuti usaterereke, ndipo mdzukulu wowerengayo aime pafupi, manja ali okonzeka, koma asawagwire agogo pokhapokha atapendama.